Nambala ya madijiti 41 miliyoni: kodi n'kutaya nthawi?

Pa 12 Okutobala 2024, makompyuta amene ankagwirira ntchito a Luke Durant a mumzinda wa San Jose ku America adatsimikiza kuti apeza chinthu chimene anthu okonda masamu adakhala akuchisakasaka kwa zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Chinthucho chidali nambala, yaitali kwambiri mwakuti kuti ilembedwe yonse pamafunika madijiti 41,024,320. Poyerekeza, nambala ya foni ya m'manja kuno ku Malawi ili ndi madijiti 10 okha.

A Durant, omwe panthawiyo adali ndi zaka 36 ndipo adagwirapo ntchito kukampani yopanga zipangizo za makompyuta ya NVIDIA, adauza atolankhani kuti adalowetsa madola a ku America pafupifupi 2 miliyoni pantchitoyi. Mphotho imene ankayenera kulandira kuchokera kugulu la anthu osaka nambala zoterezi idali madola 3,000 basi.

Munthu wochita geni pamsika wa Mponela, Lunzu kapena Jenda akamva nkhaniyi sangalephere kugwira pakamwa. "Kodi nambala n'kudya?" Funsoli si lachibwana ayi. Pamene mtengo wa feteleza ndi fizi ya ana zikusowetsa anthu tulo, ndalama zotere zikadagula chimanga chodyetsa midzi yambirimbiri.

Komabe kusaka nambala zoterezi si kutaya nthawi. Ndipo nkhaniyi ikukhudza mabanja a m'dziko muno kuposa momwe ikuonekera, kaamba koti funso lomweli loti "kodi n'kudya?" ndi limene limazimitsa chidwi cha ana ambiri pa masamu akadali aang'ono.

Nambala zokana kugawidwa

Mayi wogulitsa tomato akakhala ndi tomato 12 akhoza kumuunjika milu iwiri, itatu, inayi kapena isanu ndi umodzi, yonse yofanana, osatsala ndi mmodzi yemwe. Koma akakhala ndi 13 zimavuta. Kaya aunjike awiriawiri, atatuatatu kapena anayianayi, nthawi zonse pamatsala wapadera woti apereke basera. Njira zake ndi ziwiri zokha: mulu umodzi wa 13, kapena milu 13 ya tomato mmodzimmodzi.

Nambala ngati 13, imene imagawika ndi 1 komanso ndi iyo yomwe basi, ndi imene ana asukulu amaitchula kuti prime number. Pa Chichewa munthu angoti nambala yosagawika. Zoyambirira ndi 2, 3, 5, 7, 11, 13, 17, 19, 23 ndi 29. Pakati pa 1 ndi 100 zilipo 25, ndipo pakati pa 1 ndi 1,000 zilipo 168. Kumka kutsogolo zimanka zitalikirana ngati mijigo kudera louma, n'chifukwa chake kupeza yaikulu kumakhala kovuta.

Nambalazi zili ngati njerwa zomangira nambala zina zonse. Nambala iliyonse yogawika imatuluka pochulukitsa nambala zosagawika, ndipo njerwa zake sizisintha. Mwachitsanzo, 60 ndi 2 × 2 × 3 × 5, pamene 2024 ndi 2 × 2 × 2 × 11 × 23. Palibe njerwa zina zimene zingamange 60 kapena 2024 kupatula zimenezi.

Zaka pafupifupi 300 Yesu asadabadwe, katswiri wina wotchedwa Euclid, yemwe ankaphunzitsa mumzinda wa Alexandria ku Egypt, adasonyeza kuti nambala zosagawika zilibe polekezera. Mfundo yake ngakhale mwana wa Sitandade 7 akhoza kuimva. Wina akadzitama kuti walemba nambala zosagawika zonse, azitenge zonsezo n'kuzichulukitsa, kenako aonjezerepo 1. Nambala yotulukayo ikagawidwa ndi iliyonse ya pamndandanda uja imatsala ndi 1. Choncho mwina iyoyo ndi yosagawika yatsopano, apo ayi imagawika ndi ina imene padalibe pamndandandapo. Kuchulukitsa 2, 3 ndi 5 kumapereka 30, ndipo kuonjezera 1 kumapereka 31, yomwe ndi yatsopano. Kuchulukitsa 2, 3, 5, 7, 11 ndi 13 kumapereka 30,030, ndipo 30,031 ndi 59 × 509, ziwiri zimene padalibe pamndandanda.

Izi zikutanthauza kuti nambala ya a Durant si yomaliza. Mu 2024 idaposa zonse zimene anthu adali atazipeza, koma kutsogolo kwake kuli zina zosawerengeka.

Kukula kwake ndi makhalidwe ake

Kapangidwe ka nambalayi n'kosavuta kufotokoza. Munthu atenge 2, achulukitse ndi 2, achulukitsenso ndi 2, kumangopitiriza mpaka ma 2 onse akwane 136,279,841. Pamapeto achotsepo 1.

Kuwirikiza kotere kumathamanga kuposa momwe mutu umaganizira. Wina atapatsidwa K2 tsiku loyamba, ndalamayo n'kumawirikiza tsiku lililonse, patsiku la 10 alandira K1,024, patsiku la 20 alandira K1,048,576 ndipo patsiku la 31 alandira K2,147,483,648. Kuchotsapo 1 pamenepa kumapereka 2,147,483,647, nambala imene katswiri wa ku Switzerland, Leonhard Euler, adasonyeza mu 1772 kuti ndi yosagawika, maso ake atafa kale pafupifupi onse. Apatu ma 2 angokwana 31. Nanga akakwana 136 miliyoni?

Munthu atati awerenge mokweza nambala ya a Durant, dijiti imodzi pasekondi iliyonse, osagona, osadya, angatenge masiku 475. Atati ailembe m'makope a masamba 80, madijiti 1,000 patsamba lililonse, angadzaze makope 513. Atati ailembe mumzere umodzi, dijiti iliyonse n'kutenga theka la sentimita, mzerewo ungatalike makilomita 205, kuposa theka la msewu wa pakati pa Blantyre ndi Lilongwe.

Chosangalatsa n'chakuti zina za nambalayi munthu akhoza kuzidziwa popanda kuiona. Powirikiza 2, zotuluka zake ndi 2, 4, 8, 16, 32, 64, 128, 256, ndipo madijiti omalizira amangozungulira: 2, 4, 8, 6, kenako 2, 4, 8, 6. Kugawa 136,279,841 ndi 4 kumasiya 1, kusonyeza kuti kuwirikizako kumathera pa dijiti yoyamba ya mzungulirewo, yomwe ndi 2. Kuchotsapo 1 kumasiya 1. Ndipo n'zoonadi: nambala ya a Durant imayamba ndi 881 n'kuthera ndi 551. Mwana wa kope ndi pensulo wadziwa mchira wa chilombo chimene sangathe kuchilemba chonse.

M'kawerengedwe ka makompyuta, momwe mumagwira ntchito 0 ndi 1 basi, nambalayi ilibe 0 ngakhale mmodzi. Ndi mzere wa ma 1 okhaokha okwana 136,279,841.

Ili ndi mnzake winanso wodabwitsa. Pali nambala zina zimene zigawo zake zikaphatikizidwa zimabweza nambala yomweyo. Zigawo za 6 ndi 1, 2 ndi 3, ndipo kuziphatikiza kumapereka 6. Zigawo za 28 ndi 1, 2, 4, 7 ndi 14, ndipo kuziphatikiza kumapereka 28. Zotsatira zake ndi 496 ndi 8,128. Euclid adaona kuti nambala yosagawika iliyonse ya mtundu wa ma 2 kuchotsapo 1 imabala nambala yotereyi: 3 amabala 6, 7 amabala 28, ndipo 31 amabala 496. Ya a Durant idali ya nambala 52 kupezeka pamtundu wake, choncho idabweretsanso mnzake wa nambala 52, wa madijiti oposa 82 miliyoni.

Ngakhale wamkulu amaphonya

Nambala za mtundu umenewu zimatchedwa ndi dzina la bambo Marin Mersenne, wansembe wa ku France yemwe adamwalira mu 1648. Kuti nambala yotere ikhale yosagawika, chiwerengero cha ma 2 chiyenera kukhala chosagawika nachonso. Ma 2 anayi amapereka 16, ndipo 15 ndi 3 × 5. Koma zimenezi pazokha sizikwanira. Ngakhale 11 ndi yosagawika, ma 2 okwana 11 amapereka 2,048, ndipo 2,047 ndi 23 × 89.

Mu 1644 bambo Mersenne adalemba mndandanda wa nambala za mtunduwu zimene ankakhulupirira kuti n'zosagawika. Adali munthu wolemekezeka, wolemberana makalata ndi akatswiri otchuka a nthawi yake, ndipo kwa zaka zoposa 200 padalibe wotha kuwatsutsa. Komatu adaphonya malo asanu. Adaikamo za ma 2 okwana 67 ndi 257, zomwe zimagawika, n'kusiya za ma 2 okwana 61, 89 ndi 107, zomwe sizigawika.

Mu 1876 Edouard Lucas, nayenso wa ku France, adasonyeza kuti ya 67 ija imagawika, ngakhale sadapeze zoigawa zake. Amene adazipeza ndi a Frank Nelson Cole a ku America. Nkhani imati pamsonkhano wa akatswiri a masamu ku New York mu 1903, mkuluyu adapita pabolodi osalankhula kanthu. Mbali imodzi adawerengera ma 2 okwana 67 n'kuchotsapo 1, ndipo adapeza 147,573,952,589,676,412,927. Mbali inayo adachulukitsa 193,707,721 ndi 761,838,257,287. Mayankho awiriwo adafanana. Adabwerera kukakhala pansi anthu akuwomba m'manja. Akuti ntchitoyi idawadyera masiku a Lamulungu a zaka zitatu.

Apa ndi pamene pali phindu loyamba la masamu oterewa. Pankhani ya nambala, udindo, zaka kapena mkanjo wa munthu sizipambana mlandu. Chimene chimapambana ndi umboni umene wina aliyense akhoza kuubwereza yekha.

Nanga a Durant adadziwa bwanji kuti nambala yawo siigawika? Kuyesa kuigawa ndi nambala imodziimodzi sikungatheke, chifukwa pangafunike kuyesa mpaka kukafika pa nambala za madijiti 20 miliyoni, pamene akatswiri amayerekeza kuti maatomu onse a m'chilengedwe chooneka ndi nambala ya madijiti pafupifupi 80 okha. Makompyuta onse a padziko lapansi sangamalize.

Njira yachidule adaiyamba ndi Lucas yemwe uja, ndipo Derrick Lehmer wa ku America adaikonza bwino cha m'ma 1930. Munthu amayamba ndi 4, n'kuichulukitsa ndi iyo yomwe, n'kuchotsapo 2. Akatero amagawa ndi nambala imene akuiyesayo ndi kusunga chotsala chokha. Amabwereza zomwezo pa chotsalacho, ndipo maulendo ake amakhala chiwerengero cha ma 2 kuchotsapo awiri. Pomaliza pakapanda kutsala kanthu, ndiye kuti nambalayo ndi yosagawika.

Pa 31, yomwe imachokera ku ma 2 asanu, maulendo ndi atatu. Ulendo woyamba, 4 × 4 kuchotsapo 2 ndi 14. Wachiwiri, 14 × 14 kuchotsapo 2 ndi 194, ndipo kugawa ndi 31 kumasiya 8. Wachitatu, 8 × 8 kuchotsapo 2 ndi 62, ndipo kugawa ndi 31 sikusiya kanthu. Mlandu watha. Lucas adagwiritsa ntchito nzeru yotereyi, pamanja, kusonyeza kuti ya ma 2 okwana 127, yomwe ili ndi madijiti 39, ndi yosagawika, ndipo padatha zaka 75 wina asadapeze yoiposa. Pa nambala ya a Durant, makina adayenda maulendo 136,279,839.

Ngakhale zidali choncho, gulu la GIMPS, limene a George Woltman adaliyambitsa mu 1996 kuti anthu ongodzipereka azisakira limodzi nambalazi pa intaneti, silidathamangire kulengeza. Kompyuta ya ku Dublin m'dziko la Ireland ndiyo idayamba kuikayikira nambalayo pa 11 Okutobala. Ina ya ku San Antonio ku America idaitsimikiza tsiku lotsatira. Kenako anthu ena adaiyesanso pamakina osiyana ndi mapulogalamu osiyana, ndipo chilengezo chidatuluka pa 21 Okutobala. Munthu wolowetsa madola 2 miliyoni nayenso adadikira kuti anzake ayambe aona ngati sadaphonye.

Zopanda ntchito dzulo, loko wa lero

Ena anganene kuti zonsezi n'zabwino, koma phindu lake lenileni lili kuti? Choonadi chinenedwe: nambala ya a Durant payokha ilibe ntchito imene ikugwira pamsika, kuchipatala kapena kumunda. Amene amanena kuti imateteza ndalama za kubanki amakokomeza. Ndi yaikulu mopitirira muyeso, komanso aliyense akuidziwa, ndipo loko amene kiyi wake ali ndi mudzi wonse sateteza nyumba.

Koma abale ake ang'onoang'ono akugwira ntchito usana ndi usiku. Mu 1940 katswiri wa ku Cambridge m'dziko la Britain, G.H. Hardy, ankanyadira kuti masamu a nambala zoterezi ndi ongosangalatsa ubongo ndipo palibe amene adawapezera ntchito ya nkhondo. Patangotha zaka 37, mu 1977, akatswiri atatu a pasukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, a Rivest, a Shamir ndi a Adleman, adapanga njira yobisira uthenga yotchedwa RSA, yomwe idamangidwa pa nambala zomwezo.

Chinsinsi chake n'chakuti kumanga n'kosavuta koma kuphwasula n'kovuta. Kuchulukitsa 89 ndi 97 kuti papezeke 8,633 ndi ntchito ya mphindi imodzi. Koma munthu wongopatsidwa 8,633 kuti apeze nambala ziwiri zimene zidaibala atuluka thukuta. Nambala ziwirizo zikakhala za madijiti 300 iliyonse, makompyuta amphamvu a masiku ano amalephera kuzipeza. Njira imeneyi ndi imodzi mwa zimene zimateteza makhadi a kubanki okhala ndi kachitsulo kagolide kaja komanso masamba ambiri a pa intaneti. Uthenga wa pa WhatsApp nawo umakhomedwa ndi masamu amene adamangidwa pa nambala yosagawika ya madijiti 77, yopezeka pochulukitsa ma 2 okwana 255 n'kuchotsapo 19. Mayi wa ku Ntcheu akamatumiza uthenga kwa mwana wake ku Johannesburg, nambala imeneyi ndiyo ikulondera pakhomo.

Kusaka komweko kwathandizaponso. Mu 1994 mphunzitsi wa masamu pakoleji ina ku Virginia, a Thomas Nicely, ankawerengera za nambala zosagawika zoyandikana, monga 11 ndi 13, ndipo adaona kuti mayankho ena sakugwirizana. Atafufuza adapeza kuti vuto lili mu ubongo wa kompyuta wotchedwa Pentium, umene unkaphonya pogawa nambala zina. Kampani ya Intel idataya madola 475 miliyoni posinthira anthu zipangizozo. Pulogalamu ya GIMPS nayo amisiri amaigwiritsa ntchito poyesa ngati kompyuta ili bwino, chifukwa imakhetsa makina thukuta ndipo cholakwika chaching'ono chimaonekera.

Palibe amene akadauza Euclid kapena bambo Mersenne kuti masewera awo adzalondera ndalama za anthu. Dziko limene limangolola maphunziro okhawo amene phindu lake likuoneka lero limadzakhala logula nzeru kwa anzake mawa.

Si za anthu olemera okha

Kudandaula kwina n'kwakuti awa ndi masewera a anthu a ndalama. Mbali ina n'zoona. A Durant adabwereka makina amphamvu m'maiko 17, ndipo mwana wa ku Nsanje kapena Chitipa, komwe magetsi ndi intaneti ndi zosowa komanso zodula, sangapikisane nawo.

Koma mbiri ya nambalazi ili ndi anthu wamba ambiri. Mu 1978 achinyamata awiri a zaka 18 a ku California, Laura Nickel ndi Landon Curt Noll, adapeza nambala ya madijiti 6,533 imene idaposa zonse panthawiyo. Mu Disembala 2017 a Jonathan Pace, mdikoni wa mpingo wina ku Tennessee, adapeza ya madijiti 23,249,425 pakompyuta wamba, atasaka zaka 14. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Si za amuna okhanso. Sophie Germain wa ku France, yemwe adabadwa mu 1776, makolo ake ankamuletsa masamu, ndipo ankalembera akatswiri makalata pogwiritsa ntchito dzina la mwamuna kuti amumvere. Lero pali mtundu wa nambala zosagawika umene umadziwika ndi dzina lake. Kholo limene limauza mwana wamkazi kuti masamu ndi a anyamata likubwereza cholakwa cha zaka zoposa 200 zapitazo.

Ndipo si zachilendo ku Africa. Njira yakale kwambiri yosefera nambala zosagawika imatchedwa ndi dzina la Eratosthenes, yemwe adabadwira ku Cyrene, m'dziko limene lero ndi Libya, n'kukagwira ntchito ku Alexandria. M'dziko muno, abambo amene amakhala pa bawo amawerengera m'mutu komwe nkhomo zikathere asadazigwire n'komwe. Amayi a pamsika amabweza chenji cha makasitomala atatu nthawi imodzi popanda cholembera. Ndiye n'zomvetsa chisoni kumva anthu omwewa akuuza ana awo kuti "masamu kwathu kuno palibe adawatha." Mwana akamva mawu otere kuchokera kwa kholo lake amagonja asadayambe.

Zimene banja lingachite

Chofunika pano si kompyuta. Mwana alembe nambala kuyambira 2 mpaka 100 papepala ngakhale padothi. Asunge 2 n'kufufuta zonse zogawika ndi 2. Asunge 3 n'kufufuta zonse zogawika ndi 3. Achite chimodzimodzi ndi 5 ndi 7. Zotsalazo ndi 25, ndipo zonse n'zosagawika. Imeneyi ndiyo sefa ya Eratosthenes. Mwana amene wazipeza yekha saziiwala ngati amene wangoziloweza kuti akakhoze mayeso.

Palinso masewera ena oti banja lonse lichite madzulo nsima ikali pamoto. Mu 1742 Christian Goldbach adalembera Euler kalata imene idabala funso ili: kodi nambala iliyonse yogawika ndi 2, kuyambira pa 4, ingapezeke pophatikiza nambala zosagawika ziwiri? Mwachitsanzo, 20 ndi 3 kuphatikiza 17, komanso 7 kuphatikiza 13. Nayo 100 ndi 47 kuphatikiza 53. Makompyuta ayesa nambala zankhaninkhani osapeza yokana, koma zaka zoposa 280 zadutsa akatswiri akusakasaka umboni woti n'zoona pa nambala zonse. Mwana wa pulaimale akhoza kusewera ndi funso limene lasowetsa tulo mapulofesa.

Phindu lake limafika mpaka m'thumba. Mwana amene wamvetsa momwe kuwirikiza kumathamangira amadziwa kuti ngongole ya katapila ya K10,000, ikamawirikiza mwezi uliwonse, pakatha miyezi isanu ndi umodzi yafika K640,000. Amadziwanso kuti wolonjeza kuwirikiza ndalama sabata iliyonse ndi tambwali, chifukwa K1,000 yokha ikadapitirira K1 thiriliyoni pakutha pa masabata 30. Mwana amene waphunzira kuti ngakhale bambo Mersenne adaphonya amayamba wafunsa umboni asadakhulupirire uthenga uliwonse umene wafika pafoni. Safunsa adadya phula.

Aphunzitsi nawo ali ndi mbali yawo. Makalasi ndi odzaza ndipo silabasi imathamangitsa, zimenezo palibe angakane. Koma mphindi khumi zopatsa ana mpata wopeza okha chifukwa chimene 51 kapena 87 zimagawika sizingagwetse sukulu. Mwana wofunsa kuti "chifukwa chiyani?" asamaonedwe ngati wosokoneza kalasi kapena woderera aphunzitsi. Masamu onse afotokozedwa pamwambapa adabadwa ndi funso lomwelo.

Kodi a Durant akadachita bwino kugula chimanga? Ndalamazo zidali zawo, ndipo aliyense ali ndi ufulu woweruza momwe akuonera. Koma dziko limafuna onse awiri, wodyetsa anthu lero ndi wofufuza zimene zidzathandize zidzukulu. Vuto la njala silidzatha chifukwa choti ana aletsedwa kuganiza za nambala. Amene adzawerengere bwino feteleza wa pa ekala, madzi a m'damu, mankhwala a m'chipatala ndi ndalama za boma ndi ana omwewo amene lero akuoneka ngati akutaya nthawi ndi manambala.

M'mera mpoyamba. Mwana akabwera kudzafunsa ngati 91 ndi nambala yosagawika, kholo lisamuthamangitse kuti apite akatunge madzi, komanso lisamuuze yankho. Limupatse nyemba 91 ndi mphasa, ayese kuziunjika milu yofanana. Pa ziwiriziwiri, zitatuzitatu ndi zisanuzisanu zimukanika, ndipo mwina afuna kugonja. Akalimba mtima n'kufika pa zisanu ndi ziwiri, apeza milu 13 yokwanira bwinobwino, ndipo palibe amene adzamunamizenso pa nambala imeneyo.